Payi Yopanda Chikuto ndi Mlandu wa Mwambo

Ku England ndi ku America kuli chakudya china chimene eni ake amachikumbuka chisanu chikayamba kuluma, ndicho payi ya nkhuku, imene anthu a ku America amaitcha pot pie. Mayi wofuna kuikonza amayamba wawiritsa nkhuku kufikira mnofu utalekana ndi mafupa. Kenaka amasungunula batala mu sefuliya, nakazingiramo anyezi, nawazamo ufa wa tirigu wodzaza supuni ziwiri kapena zitatu, ndipo ali chivundulire amathiramo pang'onopang'ono msuzi wa nkhuku ija pamodzi ndi mkaka, mpaka zonse zitagwirana moti ukaviikamo supuni msuziwo umaikangamira. Mumsuzi umenewu ndimo mumalowa nyama yoduladula, karoti, nsawawa ndi mbatatesi. Zikatero amakhuthulira zonse m'mbale yakuya, nazivundikira ndi chikuto cha ufa wa tirigu wokanda ndi batala wozizira, nakanikiza m'mphepete mwake ndi foloko kuti msuzi usatayike, naboola pamwamba ndi mpeni kuti nthunzi ipeze potulukira, ndipo potsiriza amalowetsa mbaleyo mu uvuni kufikira chikuto chija chitafiirira.

Koma masiku ano m'makomo ambiri a kumeneko amaphika zam'katizo nasiya chikuto: ena chifukwa chikuto chimadya nthawi ndipo chimalira dzanja lozolowera, ena chifukwa alibe uvuni, ena chifukwa dokotala anawaletsa mafuta ochuluka, ndipo ena chifukwa m'nyumbamo muli munthu amene tirigu amamudwalitsa. Alipo othira zam'katizo pa mpunga. Alipo ong'amba pakati sikono yopanda shuga nathirapo. Alipo ovundikira ndi mbatatesi zosinja. Alipo oyandamitsa timibulu ta ufa pamwamba pa msuzi wowira, navundikira mphika kuti tipse ndi nthunzi. Ndipo wotopa kwenikweni amangothira pa buledi wowotcha. Patebulo lotere sipalephera kupezeka nkhalamba yoyang'ana mbale yake mokayika, n'kunena kuti chakudyacho n'chokoma ndithu, koma asachinamizire dzina, pakuti payi yopanda chikuto si payi. Munthu angathe kuuseka mkanganowu poti ngwa kukhitchini. Koma ine ndiyesa kuti nkhalambayo, ngakhale siidziwa, yautsa mlandu womwewo umene wagawanitsa mipingo ndi kudanitsa abale kwa zaka mazanamazana, ndiwo wakuti: chinthu ukachivula chimene chinkachikuta, kodi chimatsala chomwecho, kapena chasanduka china?

Tiyambe tafunsa kumene chikutocho chinachokera, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Cha m'ma 1390 ophika a Mfumu Richard II ya ku England analemba buku la maphikidwe awo lotchedwa The Forme of Cury, ndipo m'menemo mapayi alimo. Koma munthu wa lero akanati aione payi ya masiku amenewo, sakanaizindikira msanga. Chikuto chake kawirikawiri chinali chochindikala ndi cholimba, chotha kuima chokha popanda mbale, ndipo ntchito yake inali ya mphika ndi ya nkhokwe, pakuti chinkatchinjiriza nyama kuti isapserere m'ng'anjo ya nkhuni, chinkaisunganso kuti isavunde. Ophika a m'zaka zotsatira ankatsanula msuzi payi ikapsa, nathira batala wosungunula pa kabowo ka pamwamba kuti akauma atsekereze mpweya, ndipo nyama yotetezedwa motero inkatha masabata ili bwino, niyenda pangolo kuchoka mzinda wina kunka wina. Mzinda wa Gloucester unali ndi mwambo wotumiza payi ya nsomba kwa mfumu pa Khirisimasi. Patebulo la mwini chuma wotumikira ankadula chivundikiro, akuluakulu nadya zam'kati, ndipo chigoba chouma chija nthawi zambiri chinkatsikira kwa antchito ndi kwa aumphawi a pachipata. Chikuto, tsono, chinalowa m'nyumba monga kapolo wa nyama. Ndipo pamene mbale zadothi ndi zachitsulo zinalanda ntchito yophikira, firiji nidzalanda ntchito yosunga, kapoloyo sanapirikitsidwe, koma anafewetsedwa, nakometsedwa, nakwezedwa, kufikira lero pamene ana amalimbirana iye ndipo dzina lonse la chakudyacho lakolekedwa pa iye.

Miyambo yambiri ya chipembedzo inadzera njira yomweyi. Kandulo anayatsidwa poyamba chifukwa kunali mdima. Zovala zimene ansembe amavala paguwa zinachokera ku zovala wamba za anthu a mu ufumu wa Roma, zimene mpingo unazisunga pamene anthu kunja anasintha kavalidwe. Chilatini chomwe chinalowa m'mapemphero a ku Roma, m'malo mwa Chigiriki, chifukwa ndicho chinali chilankhulo cha pamsika chimene amayi ndi akapolo ankamva; koma zaka zitapita, anthu atasiya kuchilankhula, chinakhala chizindikiro cha kupatulika, kotero kuti pamene msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 unatsekula khomo kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu, kuphatikizapo chathu, anapezeka ena a mtima woona amene anamva ngati awalanda Mulungu mwini. Sitiyenera kuwanyoza. Munthu amene kuyambira ubwana wake anakumana ndi Mulungu m'chotengera chimodzi sangasiyanitse msanga kukoma kwa chuma ndi kukoma kwa chotengeracho.

Wina pomva zimenezi angathamangire kunena kuti mlandu watha, chikuto n'chachabe, titaye miyambo yonse titsale ndi chikhulupiriro choyera. Ameneyo abwerere kukhitchini akaonetsetse. Mwa njira zonse zija zoperekera zam'kati mwa payi, palibe imodzi yomwe imazipereka zokha. Wochotsa tirigu waika mpunga. Wokana mpunga waika mbatatesi. Ndipo ngakhale amene wazisungunula n'kuzisandutsa supu wazipatsa mbale yakuya ndi supuni ndi chibenthu cha buledi pambali. Ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, pakuti munthu atamuikira mbale ya nkhuku yonona popanda nsima amakhala chete kudikira, ndipo akafika kwawo amakanena kuti wagona ndi njala. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira mu 322 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chogwirika chili ndi chimene chinapangidwa nacho ndi maonekedwe amene chinalandira, ndipo kuti ziwirizi tingazilekanitse m'maganizo mokha. Mkuwa ungakhale fano, kapena mphete, kapena chibulumwa, koma mkuwa wopanda maonekedwe alionse palibe anaugwirapo. Chomwechonso munthu wonena kuti iye sasamala za mwambo, amangopemphera mumtima, ukamulondola upeza kuti ali ndi ora lake, ndi malo ake, ndi mawu ake amene amawabwereza osazindikira. Iyenso ali ndi chikuto, kungoti n'cha munthu mmodzi.

Ndipo pano pali mfundo imene ndifuna kuichedwerapo, chifukwa okonda kusintha zinthu amailumpha. Chotengera chatsopano sichilandira zam'kati mwaulemu n'kuzisiya monga zinalili, koma chimazisintha. Nkhuku yopsera pansi pa chikuto imapsa ndi nthunzi yake yomwe, fungo lake lonse litatsekeredwa, ndipo kunsi kwa chikutocho kumamwa msuzi n'kukhala kofewa, kumene odziwa amati ndiko kokoma koposa. Zimenezi mumphika wosavundikira sizichitika. Wothira pa mpunga ayenera kusungunula msuzi wake kuti ulowerere. Wovundikira ndi mbatatesi zosinja ayenera kuulimbitsa, apo ayi mbatatesizo zimira, ndipo ayenera kuchotsa mbatatesi za m'kati kuti asadye chinthu chimodzi kawiri. Payi ya mbatatesi imeneyi sikanatheka konse mbewuyo isanaoloke nyanja kuchokera ku mapiri a Andes. Koma pofika 1791 m'busa wina wa ku England, James Woodforde, anailemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku monga chakudya cha panyumba, ndipo lero palibe amene amaiyesa mlendo. Ku Pennsylvania, zidzukulu za alimi olankhula Chijeremani amene anayamba kufika kumeneko mu 1683, mwa iwo Amenoni ndi Amishi ndi Alutera, anapita patali koposa: amakanda ufa, naupyapyalitsa, naudula tizidutswa ta ngodya zinayi, natiponya mumsuzi wowira pamodzi ndi nkhuku ndi mbatatesi, kotero kuti chikuto chimalowa m'kati, uvuni osakhudzidwa n'komwe; ndipo chakudya chimenechi amachitchabe pot pie popanda manyazi, nachiphika m'miphika ikuluikulu pa maphwando osonkhetsa ndalama za tchalitchi. Zonsezi n'zabwino, koma palibe chimodzi chofanana ndi chinzake pakamwa. Walira mvula walira matope. Mpingo wosintha chilankhulo chake, nyimbo zake ndi kakhalidwe kake ka m'kachisi usadzinamize kuti wangosintha zakunja, pakuti Mulungu amene amamuimbira ndi ng'oma amamveka mumtima mosiyana pang'ono ndi amene amamuimbira ndi limba, ngakhale ali mmodzi yemweyo.

Palinso china chimene chikuto chakale chija chinkachita chimene mpunga ndi sikono sizingathe. Zam'kati zothira pa mpunga n'zodya lero lomwe. Sungazitumize kwa mfumu ku London, sungazisungire mwana amene ali paulendo. Chikhulupiriro cha mumtima mokha n'chokoma kwa mwini wake, koma ndi chovuta kusiyira ana. Chimene chimaoloka kuchoka m'badwo wina kunka wina ndi chimene chakutidwa: pemphero loloweza, tsiku lopatulidwa, madzi a ubatizo, nyimbo imene agogo ankaimba. Mdzukulu angathe kuzinyamula zaka makumi awiri osazitsekula, monga wamtengatenga wosadziwa za m'katundu wake, koma tsiku la maliro kapena la nsautso adzadula chivundikiro, napeza kuti m'katimo muli chakudya.

Ngozi ya mbali inayo ndi yodziwika, ndipo aneneri anaidzudzula kokwanira kotero kuti sindifunika kuchulutsa mawu. Chikuto chingathe kukhala chilili pamene zam'kati zinachoka kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe ngakhale apa tisaweruze mofulumira. M'nyengo ya Lenti, pamene mpingo wakale wa ku Ulaya unkaletsa nyama, mazira ndi mkaka kwa masiku 40, ophika ankadzaza mapayi awo ndi nsomba ndi nkhuyu zouma. Ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima za pansi pa madzi za Germany zikumiza zombo zonyamula chakudya, wophika wamkulu wa hotela ya Savoy ku London, François Latry, anakonza payi ya mbatatesi, karoti ndi ndiwo zina zakudimba, yopanda nyama ndi pang'ono pomwe, imene inapatsidwa dzina la Lord Woolton, amene anali nduna yoona za chakudya kuyambira 1940. Anthu anaidya mosakondwa, ndipo nyama itabwerera anaiiwala msanga. Koma m'zaka za usiwazo banja linkakhalabe patebulo, bambo nadula payi monga kale, ndipo mwambo wopanda mafutawo unasunga malo a chimene chinali kudzabwera. Wokhulupirira aliyense woona mtima amadziwa nyengo zimene amagwada ndi kunena mawu a pemphero mumtima muli gwa. Ndipo sindiyesa kuti Mulungu amamuwerengera pamodzi ndi onyenga.

Atumwi anakumana ndi mlandu wa chikuto ndi zam'kati umenewu mpingo ukadali wakhanda, pamene anthu a mitundu ina anayamba kubatizidwa ku Antiokeya, ndipo abale ena ochokera ku Yudeya anaumirira kuti popanda mdulidwe palibe chipulumutso. Abalewo sanali opusa, pakuti chizindikirocho chinachokera kwa Abrahamu, ndipo makolo awo anachifera m'masiku a Amakabeo. Msonkhano wa ku Yerusalemu unagamula kuti goli limenelo lisaikidwe pa amitundu. Koma wowerenga chaputala 15 cha Machitidwe mofatsa adzaona kuti sanawasiye opanda chofunda, popeza anawapatsa zoletsa zinayi, ndipo zitatu mwa izo n'za chakudya: nyama yoperekedwa kwa mafano, mwazi, ndi nyama yopotola. Cholinga chake chinali chakuti Myuda ndi Mhelene athe kupisa dzanja m'mbale imodzi. Ayuda eni ake, amene ena amawayesa ouma pa lamulo, anaonetsa luso lomwelo m'khitchini. Pa Paskha lamulo limawaletsa ufa uliwonse wotupa kwa masiku 7, kapena 8 kwa okhala kunja kwa Israel. Koma Ayuda amene anapirikitsidwa ku Spain mu 1492 nakakhala ku Turkey ndi ku Greece ali ndi payi yawo ya nyengoyo, yotchedwa mina, imene amaikonza poviika m'madzi mkate wouma wopanda chotupitsa kuti ufewe, nauyala m'mbale, naikamo nyama yogaya, navundikira ndi mkate wina, napaka dzira pamwamba. Lamulo silinathyoledwe, ndipo ana sanamanidwe payi.

Povuta penipeni ndi pamene anthu asiyana pa kuzindikira chimene chili chikuto ndi chimene chili nyama, ndipo palibe pamene zimenezi zawawa koposa pa mkate wa Mgonero wa Ambuye. Mu 1054, pamene Kadinala Humbert anaika kalata ya temberero pa guwa la tchalitchi cha Hagia Sophia ku Constantinople, umodzi wa milandu imene inakwiyitsa mbali ziwirizo unali wa chotupitsa: Agiriki ankapereka mkate wotupa, Aroma wosatupa, ndipo aliyense ankaona mnzake ngati wodetsa chopatulika. Panapita zaka 385 kuti msonkhano wa ku Florence, mu 1439, unene kuti mikate yonse iwiri ndi yoyenera, aliyense atsate mwambo wa mpingo wake. Ndipo ngakhale chiyanjano cha ku Florence sichinakhalitse, pa mfundo imeneyi Roma sanabwererenso m'mbuyo. Ku America, mu 1869, Thomas Welch, Mmethodisti wodana ndi zoledzeretsa, anapeza njira yotenthetsera madzi a mphesa kuti asasase, ndipo m'kupita kwa nthawi mipingo yambiri inasiya vinyo pa Mgonero, poganizira m'bale wofooka amene dontho limodzi lingamubwezere ku uchidakwa. Kwa iwo kusasa kwa mphesa kunali chikuto. Kwa Akatolika ndi Aorthodox ambiri kunali mbali ya chinthu chenichenicho.

Tsono kunadza chinthu chimene makolo a mpingo sakanachilota. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, amene anali atayamba kale kukayikira tirigu, anaona m'njala yoopsa ya 1944 ndi 1945 kuti ana ena odwala m'mimba ndi onyentchera anayamba kuchira pamene buledi anasowa, nadwalanso buledi atabwerera. Ndipo mu 1950 analemba zofufuza zake zosonyeza kuti tirigu ndiye ankawapweteka. Matendawa, otchedwa coeliac, amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse m'maiko ambiri, ndipo gwero lake ndi gluten, kanthu kamene kamachititsa ufa wa tirigu kunanda ndi kutamuka poukanda. Wodwalayo akakadya, thupi lake limaukira matumbo ake omwe. Kwa mayi wa mwana wotere mlandu wa payi ndi wopepuka, pakuti sunga khosi mkanda uoneka, ndipo amathira zam'kati pa mpunga, nalimbitsa msuzi ndi ufa wa chimanga. Koma mwana yemweyo akafika paguwa, mkate wa moyo uli m'dzanja la wansembe, ndipo ndi wa tirigu.

Mipingo yambiri ya Chiprotestanti inangoika mkate wa mpunga pambali, poona kuti Davide anadya mikate yopatulika ali ndi njala ndipo Ambuye sanamutsutse. Mpingo wa Katolika, m'kalata ya Kadinala Joseph Ratzinger ya 2003, imene Kadinala Robert Sarah wa ku Guinea anaitsimikizanso mu 2017, unati mkate wopanda gluten ndi pang'ono pomwe sungakhale Ukaristia, chifukwa mpingo ulibe mphamvu yosintha chimene Ambuye anatenga m'manja mwawo usiku uja; koma unalola mkate wa gluten wochepa kwambiri, unalolanso kuti wosatha kulandira ngakhale umenewo alandire chikho chokha, pakuti chiphunzitso chawo n'chakuti Khristu ali wathunthu m'chilichonse cha ziwirizo. Mtima wanga, kunena zoona, umapendekera kwa oika mkate wa mpunga, chifukwa ndimavutika kukhulupirira kuti Iye amene analola ophunzira ake kubudula ngala pa Sabata angakondwere kuona mwana akubwerera paguwa chimanjamanja. Komabe sindingathe kuutaya mwachipongwe mantha a enawo, pakuti iwo aona kuti munthu akangoyamba kunena kuti ichi n'chikuto chabe, ichonso n'chikuto chabe, sadziwa polekezera, ndipo tsiku lina angadzapeze kuti wakhala akusenda anyezi pofunafuna njere yake.

Pakati pa mbali ziwirizi panaima anthu amene sanalembe buku lililonse la chiphunzitso. Masisitere a Chibenedikito a ku Clyde, m'chigawo cha Missouri ku America, amene ntchito yawo ya zaka zambiri inali yophika mikate ya paguwa, ankalandira madandaulo a odwala coeliac, ndipo m'malo molowa mkangano analowa m'khitchini. Vuto lawo linali lakuti ufa wa tirigu ukauchotsa gluten sugwirana. Umamatirira pa chitsulo chophikira, kapena umanyenyeka, kapena umauma gwa wosatheka kudya. Anayesa zaka zambiri, akusakaniza mitundu ya ufa wotsukidwa wa tirigu ndi madzi okha, popeza lamulo silinawalole kuthiramo china chilichonse, kufikira anapeza mkate wopyapyala umene akuluakulu a mpingo anauvomereza kuti ndi wa tirigu weniweni, ndipo madokotala anaona kuti odwala ambiri angathe kuulandira osavulala. Lero mikate yotere imatumizidwa ku maparishi a m'maiko ambiri, kumene amaisunga m'kachotengera kakekake kuti isakhudzane ndi inzake. Ndipo odwala amene matupi awo amakana ngakhale kochepa kameneko amalandirabe chikho chokha.